Njira Imene Mankhwala Amayenda M'thupi la Mwana

Amayi, m'sewero la pa wailesi lija mudamva mayi wina akudandaula kuti mwana wake adamwa mankhwala a chibayo masiku awiri, naoneka ngati wachira, koma patapita sabata imodzi chifuwa chidayambiranso. Tsono tiyeni tione zimene zimachitika mwana akameza mankhwala.

Mankhwala a chibayo sagwira ntchito akadali m'mimba ayi. Ayenera kudutsa m'matumbo ndi kulowa m'magazi, ndipo magaziwo ndiwo amawafikitsa kumapapo kumene kuli tizilombo ta bakiteriya. M'matumbomo muli timakomo ting'onoting'ono. Nyemba, mtedza, mazira, usipa kapena nyama zikagayika, zimasanduka tizidutswa timene madokotala amati ma amino acid. Tizidutswati tikagwirana tiwiri kapena titatu, timalowera pa khomo lawolawo. Amoxicillin, mankhwala amene timapatsa ana odwala chibayo, amafanana kwambiri ndi tizidutswa timeneti, motero nawonso amalowera pa khomo lomwelo. N'zosadabwitsa, chifukwa penicillin, kholo la amoxicillin, amapangidwa ndi nkhungu kuchokera ku ma amino acid atatu.

Nkhani imeneyi akatswiri akuifufuzabe. Mu 2015 ofufuza a ku Guangzhou m'dziko la China adaonetsa kuti amino acid wotchedwa alanine amathandiza mankhwala a kanamycin kulowa m'kati mwa bakiteriya amene adasiya kumva mankhwala, mpaka kuwapha. Koma izi adaziyesa mu labotale ndi pa mbewa. Munthu akakugulitsani mapiritsi a "amino acid" kumsika nati amachiza chibayo, akungofuna ndalama zanu.

Chimene inu mungachite pakhomo n'chapafupi. Amoxicillin mwana angamwe atadya kapena asanadye, ndipo musaleke kumuyamwitsa. Akasanza pasanathe mphindi 30 chimwereni mankhwala, mupatseninso, popeza oyamba aja anali asanalowe m'magazi. Mankhwala ena, monga doxycycline ndi ciprofloxacin, sagwirizana ndi mkaka wa ng'ombe. Mkakawo umawamanga m'matumbo, nalephera kulowa bwino m'magazi. Choncho funsani anamwino musanachoke pachipatala, ndipo ngati muli oyembekezera nenani, chifukwa doxycycline sitipatsa amayi apakati.

Ambiri timalakwitsa pa chakudya. Mwana akadwala timangompatsa phala loyera lopanda kanthu, kapena tiyi. Chonsecho asilikali a m'thupi amene amalimbana ndi matenda amamangidwa ndi ma amino acid omwewa. Thirani nsinjiro, dzira kapena usipa wosinja m'phala, ndipo mudyetseni pang'onopang'ono koma pafupipafupi.

Kulakwa kwa mayi wa m'sewero uja kudali kuleka mankhwala pa tsiku lachiwiri. Tizilombo tina tidali tisanafe, ndipo tidaswananso. Malizani masiku onse amene adokotala anena, osasungirako mwana wina mapiritsi. Mukaona mwana akupuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati, kapena akukanika kuyamwa, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo.