Mbalame ndi Mitengo ya m'Chigwa cha Ruo pa Phiri la Mulanje

Nkhani yolankhulidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa za Ulimi

Lero tisiya pang'ono za chimanga ndi nandolo, tikwere phiri.

Mtsinje wa Ruo umayambira pamwamba pa phiri la Mulanje, nutsika m'chigwa chakuya cha kumwera chakum'mawa, kufikira pa minda ya tiyi. Chigwa chimenechi chimalandira mvula yambiri, ndipo ngakhale m'miyezi ya Juni ndi Julayi chiperoni chimachinyowetsa. Chifukwa chake munamera nkhalango yowirira, yosayoyola masamba chaka chonse. Boma linaika phirili m'manja mwa a Zankhalango m'chaka cha 1927, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linalilemba pa mndandanda wa malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi. Koma kulembedwa m'buku sikuzimitsa moto.

M'nkhalango zotere mumakhala mbalame ina imene ambiri a inu simunaionepo. Ophunzira za mbalame amaitcha Thyolo Alethe, pakuti inayamba kudziwika pa phiri la Thyolo. Kukula kwake nkonga pumbwa. Msana wake ngwofiirira, pakhosi mpoyera. Kadyedwe kake nkodabwitsa. Imalondola linthumbu. Pamene linthumbu lilikuyenda pansi pa masamba owola, tizilombo timabalalika pothawa, ndipo mbalameyo imangotola. Tsono linthumbu limafuna nthaka yachinyontho ndi mthunzi. Mukagwetsa mitengo, dzuwa nkuumitsa pansi, chakudya cha mbalameyo chatha, ngakhale palibe munthu anaiponyera mwala. Ndizo zinachitika kwawo ku Thyolo: nkhalango ya pa phirilo inalimidwa yonse pofika zaka zoyambirira za m'ma 2000, ndipo mbalame yotchedwa dzina la Thyolo inatsala pa Mulanje, pa mapiri ena owerengeka a kumwera kuno, ndi pa Namuli, Mabu ndi Chiperone ku Mozambique.

Pali china chimene ndifuna muchimvetse bwino. Ena amati, "Ife tilikudula m'munsi mokha, pamwamba sitifikako." Koma nyengo yozizira ikafika, mbalame zambiri za m'nkhalango ya pamwamba zimatsikira m'munsi motentherako, ndi kukweranso pamene nthawi yoikira mazira yayandikira. Njira yake ndiyo mitengo ya m'mbali mwa mitsinje. Amene alambula chigwa cha m'munsi walanda mbalamezo kogonera m'chisanu. Palinso kambalame kena kakang'ono ngati timba, kachikasu pakhosi, kotchedwa Yellow-throated Apalis, kamene sikapezeka m'dziko lina lililonse koma m'Malawi mokha, m'nkhalango za mapiri monga Mulanje ndi Zomba.

Tikakwera kupitirira chigwa, pa madambo a pamwamba monga Lichenya ndi Chambe, tifika kwawo kwa mkungudza. Mtengo umenewu mwachibadwa umamera pa Mulanje pokha, ndipo mu 1984 unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu. Ubwino wake ndiwo unaupha. Matabwa ake ngonunkhira, chiswe sichiwadya, ndipo sawola msanga, kotero kuti amisiri a nyumba ndi okhoma mabwato ankawafuna kwambiri. Anyamata ankacheka pamwambapo ndi kutsitsa matabwa pamutu. Pamene akatswiri anayendera phiri mu 2017, anapeza mitengo yaikulu 7 yokha. Ndibwerezenso, popeza wina angayese kuti wailesi yake yalakwa: isanu ndi iwiri.

Zitatero, a Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi a Zankhalango ndi anthu a m'midzi yozungulira phiri anakhazikitsa manazale, ndipo mbande zoposa 500,000 zinasenzedwa ndi kubzalidwa pa phiri. Ntchito yake njolemetsa ndithu. Koma mbande ya mkungudza ndi yanthete. Moto umodzi wa mu Okutobala ungathe kupsereza m'tsiku limodzi zimene anthu anabzala zaka zitatu. Ndipo kawirikawiri moto umenewo subwera ndi mphenzi ayi. Umayatsidwa ndi alenje ofuna kuvumbulutsa nyama, ofula njuchi osiya chikuni chilikufuka, ndi owotcha makala. Kuwonjeza apo pali paini wochokera ku Mexico amene anabzalidwa kale ku Chambe. Amadzimerera yekha ndi kutsamwitsa zomera za eni dziko, choncho ayenera kuzulidwa akali wamng'ono.

Kapena wina afunsa kuti, "Nanga ine mlimi ndipindulanji ndi mbalame yosadyedwa?" Funso labwino. Yankho lili m'madzi. Ruo, Lichenya, Likhubula, Thuchila ndi Phalombe yonseyi imatuluka m'phiri limeneli, ndipo madzi a Likhubula amapita ndi mipope mpaka ku Blantyre. Nkhalango imagwira mvula ndi kuitulutsa pang'onopang'ono, kotero kuti dimba lanu limapeza madzi m'chilimwe. Mvula yoopsa monga ya napolo wa ku Phalombe mu 1991, kapena ya namondwe Freddy mu 2023, palibe mtengo ungailetse. Koma pamalo opanda mizu, ngakhale mvula wamba imakokolola nthaka ndi kudzaza mchenga m'minda ya m'munsi.

Chotero ndipempha inu mafumu ndi makomiti a zachilengedwe a m'midzi: lambulani misewu yotchinga moto udzu usanaumitsitse, m'mwezi wa Meyi kapena Juni, osadikira Ogasiti. Amene muli ndi munda m'mbali mwa mtsinje, siyani mitengo ya m'gombe, ndipo pamene inatha bzalanipo mbawa, mkuyu kapena katope. Nkhuni ndi milimo zichokere pa mitengo yobzala nokha m'malire a munda. Mukaona utsi pa phiri, uzani msanga a Zankhalango kapena mfumu yanu, moto usanakwere.

Sabata yamawa tidzakamba za kafesedwe ka mbewu za mitengo m'nazale. Tsalani bwino.