Kodi wa Laputopu Naye Ndi Woimba?

Pa maphwando a nyimbo a masiku ano si chachilendo kuona munthu mmodzi ataimirira yekha pansanja, patsogolo pake pali tebulo, patebulopo pali kompyuta yaing'ono ija imatchedwa laputopu. Gitala palibe, ng'oma palibe, lipenga palibe, koma nyimbo zikutuluka m'masipika mwamphamvu ndipo khamu la anthu likuvina mpaka mbandakucha. Ena mwa olipira pakhomo amabwerera kwawo atakhutira. Ena amang'ung'udza kuti ndalama zawo zalowa m'madzi, pakuti munthu uja sanaimbe kanthu, anangodina batani monga momwe aliyense amatsegulira wailesi kunyumba kwake. Tsono mlandu wa lero ndi uwu: kodi zimene amachita wa laputopu zingatchedwe kuimba pamaso pa anthu, kumene Angerezi amati live, kapena ndi kungoliza nyimbo zojambulidwa kale?

Funsoli si lopepuka, chifukwa m'kati mwake muli ndalama ndiponso ntchito za anthu. Wolipira pakhomo ayenera kudziwa chimene wagula. Naye mwini holo akaona kuti munthu mmodzi angathe kudzaza holo yake, sadzaitananso bandi ya anthu asanu ndi awiri, ndipo oimba magitala ndi ng'oma aja adzakhala manja lende.

Dandaulo lotere linayamba kalekale, laputopu isanaganiziridwe nkomwe. Kufikira m'zaka za m'ma 1920 mafilimu anali osalankhula, kotero nyumba zoonetseramo kanema zinkalemba ntchito oimba kuti aziimba chithunzi chikuyenda. Filimu ya The Jazz Singer itatuluka ku America mu 1927 ili ndi mawu akeake, ntchito za oimba aja zinayamba kutha. Mu 1930 bungwe lawo, la American Federation of Musicians, linkalengeza m'manyuzipepala kuti anthu akane nyimbo zimene linkazitcha za m'chitini. Ku Britain nako bungwe la Musicians' Union linayamba mu 1965 ndawala ya Keep Music Live, yopempha kuti nyimbo zipitirire kuimbidwa ndi anthu amoyo pamaso pa anzawo. Mabungwe onsewa ankaona makina ngati mdani wa woimba.

Komatu panali ena amene anaona kuti makinawo angathe kukhala choimbira. Mu 1948 Pierre Schaeffer, yemwe ankagwira ntchito ku wailesi ya dziko la France mumzinda wa Paris, anajambula phokoso la sitima zapamtunda, nalidula, nalibwereza, mpaka linasanduka nyimbo. Mu 1950 iye ndi mnzake Pierre Henry anaitana anthu ku holo kudzamva nyimbo za mtundu umenewu, ndipo anthuwo anakhala pamipando akuyang'ana masipika. Chaka chotsatira katswiri wina wa pawailesipo, Jacques Poullin, anapanga chipangizo chimene munthu ankachigwira m'manja ataimirira pansanja, nkumatumiza mawu ku sipika iyi kapena iyo monga wafunira. Kuyambira pa chiyambi penipeni, eni nyimbozi anazindikira kuti anthu sakhutira ndi kumva kokha. Amafuna kuti pakhale munthu amene akuchita kanthu pa nthawi yomweyo.

Pofuna kuweruza mlanduwu mwachilungamo, nkofunika kudziwa chimene chimachitika m'kati mwa laputopu. Pulogalamu yodziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi Ableton Live, imene inatuluka ku Berlin mu 2001, ndipo ena mwa oipanga, Gerhard Behles ndi Robert Henke, anali oimba iwo eni. M'pulogalamuyi nyimbo imagawidwa m'tizidutswa: ka ng'oma pakokha, ka besi pakokha, ka mawu pakokha. Tizidutswato timaikidwa m'timabokosi pagalasi la kompyuta, ndipo munthu amasankha koti kayambe ndi koti kaleke, pamene kompyuta imaonetsetsa kuti tonse tikuyendera liwiro limodzi. Angathe kuchotsa ng'oma zonse anthu nkutsala akuwomba m'manja, kenaka nkuzibwezera pamene waona kuti mitima yakwera. Angathe kutalikitsa gawo limene anthu alikonda, kapena kudumpha limene lawaziziritsa. Koma pulogalamu yomweyo imalolanso munthu kuyala nyimbo zonse za ola lathunthu ali kunyumba, nkufika pansanja kudzangodina batani limodzi. Anthu awiri angathe kuimirira pa laputopu zofanana, wina akugwira ntchito ya thukuta, wina akungogwedeza mutu.

Mu 2012 woimba wa ku Canada, Joel Zimmerman, wodziwika ndi dzina lakuti deadmau5, anautsa mapiri pachigwa pamene analemba poyera kuti iye ndi anzake ambiri amangodina batani. Ananena kuti munthu wodziwako pang'ono za Ableton angathe kuphunzira m'ola limodzi zimene iye amachita pansanja, ndi kuti luso lake lenileni limaonekera ku situdiyo kumene nyimbozo zimapangidwa. Anafotokozanso chifukwa chake: pa maphwando akuluakulu magetsi ndi zithunzi zimayendera limodzi ndi nyimbo motsata nthawi yoikidwiratu, kotero mpata wosintha zinthu umachepa. Oimba ena anakwiya nawo mawuwa, nati asawaike onse m'dengu limodzi. Mbali zonse ziwiri zinali ndi choona chake, pakuti mitundu iwiri ya anthu ija ilipodi.

Nanga muyeso wake ungakhale wotani? Omvera a kumudzi ali nawo kale. Woimba ng'oma ya mbalule pabwalo la Gule Wamkulu sayang'ana ng'oma yake, maso ake amakhala pa mapazi a gule. Gule akatembenuka, ng'oma imatembenuka naye, akachedwa, imamdikira, akapalasa fumbi, imamuyankha. Kuimba kwa tsiku limenelo sikungabwerezedwe ndendende tsiku lina, chifukwa kunapangidwa ndi onse amene analipo. Ndiponso woimbayo angathe kuphonya, bwalo lonse nkumumva. Zinthu zitatu izi ndizo zimapanga kuimba kwa pamaso pa anthu: woimba akusankha pa nthawi yomweyo, zosankha zakezo zikutsata anthu amene ali pamaso pake, ndipo angathe kulakwitsa. Chipangizo chimene wagwira, kaya ndi chikopa cha mbuzi kaya ndi kompyuta, sichilowa m'muyesowu.

Umboni wakuti chipangizo sichiweruza mlandu unaoneka pa anyamata awiri a gulu la Milli Vanilli, Rob Pilatus ndi Fab Morvan. Iwo ankaima pansanja atagwira maikolofoni, akuvina mwamphamvu, thukuta lili kamukamu. Mu July 1989, ku Bristol m'chigawo cha Connecticut ku America, nyimbo yojambulidwa imene ankaitsatira ndi milomo inakakamira nkumangobwereza malo amodzi anthu akumva. Mu November 1990 mkulu amene ankawajambula, Frank Farian, anaulula kuti mawu a m'nyimbozo sanali awo, ndipo mphotho ya Grammy imene analandira chaka chomwecho inalandidwa. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Munthu angathe kugwira maikolofoni kapena gitala osaimba kanthu, monganso wina angathe kuimirira phee pa laputopu akuimbadi.

Vuto lenileni la laputopu lili pa maso. Woimba gitala akakhudza nsambo, aliyense amaona chala ndi kumva mawu pa nthawi imodzi. Wa laputopu amabisika kuseri kwa chivundikiro cha makina ake, ndipo woonerera sangadziwe ngati dzanja lija likusintha nyimbo kapena likungoyendayenda. Gulu la ku Germany la Kraftwerk, limene linayamba ku Düsseldorf mu 1970, linayamba kuimbira pa malaputopu mu 2002, amuna anayi ataimirira pamzere osasuntha kwenikweni, ndipo woonerera amangokhulupirira kuti ntchito ikugwirika. Oimba ena anafuna kuthetsa chikayiko chimenechi. Mu 2004 ku Hamburg kunakhazikitsidwa gulu la TOPLAP, la anthu amene amalemba malamulo a kompyuta pansanja pomwepo, nyimbo nkumasintha pamene akulemba. Lamulo lawo lalikulu ndi lakuti zonse zili pagalasi la kompyuta zionetsedwe pakhoma kuti anthu aziona. Akalakwitsa chilembo chimodzi nyimbo ingathe kuima, holo yonse ikuona. Maphwando awo ovina, otchedwa algorave, anayamba ku London mu 2012.

Nkhaniyi si ya kutali kokha ayi. Kuno kwathu anthu akhala akudandaula za oimba amene amalengezedwa ngati adzaimba ndi bandi, koma tsiku likafika amabwera ndi CD kapena fulashi nkumangofuula pamwamba pa mawu awo omwe. Cholakwa pamenepo ndi chinyengo, pakuti anthu analonjezedwa china nalandira china. DJ amene wanena poyera kuti adzasankha ndi kulumikiza nyimbo za ena sananamize munthu, ndipo ntchito yake ili ndi luso lakelake lowerenga khamu. Wopanga nyimbo amene wanena kuti adzazimanga pansanja kuchokera m'tizidutswa ayenera kuchitadi chomwecho. Okonza maphwando akamalemba zoona pa zikwangwani zawo, wofuna bandi adzapita kumene kuli bandi, ndipo oimba magitala ndi ng'oma sadzalandidwa ntchito ndi munthu wonamizira kuchita zimene iwo amachita.

Chotero yankho ndi lakuti wa laputopu angathe kukhala woimba weniweni, koma si onse amene ali otero. Womvera amene adzapite ku phwando lotere asadzataye nthawi kuwerenga zipangizo zili pansanja. Adzayang'ane ngati munthuyo amadzutsa mutu kuona anthu, ndipo adzamvetsere ngati nyimbo ikusintha pamene ovina atopa kapena pamene atenthedwa. Ngati nyimboyo ikanamveka chimodzimodzi m'holo mopanda munthu, ndiye kuti walipira kudzamva chojambulidwa. Koma ngati khamu likuikoka nyimbo ndipo nyimbo ikulikoka khamu, ndalama yake yagula kuimba kwenikweni.