Pulogalamu ya pafoni imene inafera m'manja mwathu

 Ine ndine mlimi chabe, sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma za pulogalamu ya pafoni ija ndinaziona ndi maso angawa.

Mukukumbukira anyamata a bungwe lina anabwera ku Massangulo ndi pulogalamu yoti izitiuza mitengo ya chimanga, nyemba ndi soya ya ku Lichinga ndi Cuamba. Tinaombera m'manja, tinalembetsa maina. Lero ndani akuigwiritsa ntchito? Palibe. Chinthucho chinkafuna foni yaikulu ya intaneti, pamene ambirife tili ndi timafoni ta mabatani. Zonse zinali m'Chipwitikizi, za Chiyao kapena Chinyanja munalibe. Mtengo ankaulemba pa kilo, ife timagulitsa pa chidebe. Ndipo unkafika mochedwa: ine ndinakana wogula pakhomo, ndinalipira galimoto mpaka ku Mandimba, kukapeza mtengo unatsika kale sabata yatha. Ndalama ya feteleza inathera pa msewu.

Anyamatawo sanali oipa ayi. Anangopangira chinthucho mu ofesi osatifunsa, anathiramo zanyengo, zangongole, zamatenda a mbewu, zonse pakamodzi, pomwe ife tinkafuna chimodzi chokha: mtengo wa lero. Kwa mabwana awo ankawerenga anthu olembetsa, osati amene akuitseguladi. Thandizo litatha, ngakhale woti n'kumuimbira foni panalibe.

Taonani M-Pesa. Ku Kenya anayamba kuiyesa mu 2005 kuti anthu azibwezera ngongole zazing'ono. Eni ake ataona kuti anthu akutumizirana ndalama okhaokha, anasintha cholinga, n'kuikhazikitsa mu 2007 ngati njira yotumizira ndalama. Kuno ku Mozambique Vodacom inaibweretsa mu 2013, ndipo imagwira pa kafoni ka mabatani komweka. Koma ku South Africa, kumene ambiri anali kale ndi mabanki, inalephera mpaka anaitseka mu 2016.

Pempho langa a pampando ndi ili: akabweranso ena, tisathamangire kulembetsa. Ayambe ayesa ndi alimi khumi, amayi akhalemonso, kwa nyengo imodzi yokolola, ndipo atiuze amene adzaikonze ikawonongeka. Pakali pano tipemphe wailesi yathu iziwerenga mitengo ya m'misika madzulo aliwonse, pa chidebe.