MAGALASI AKUDA M'CHIGWA CHA SHIRE

Munthu wotsika mapiri kuchokera ku Blantyre m'mwezi wa Okutobala amayamba kulimva dzuŵa asanawoloke n'komwe mlatho wa Kamuzu. Akamafika ku Nchalo, ku Ngabu kapena ku Bangula, kutentha kumakhala kutaposa madigiri 40, ndipo galimoto yoimikidwa pamtetete imasanduka ng'anjo. Motero palibe wodabwa kuwona eni galimoto akumatitsa pa magalasi pepala lakuda lija limatchedwa tinti. Chifukwa chawo nchomveka ndithu, popeza mwana wakhanda kapena wodwala wopita naye kuchipatala ku Nsanje sangapirire moto wotere.

Komatu apa pali chinthu chimene ambiri sachidziŵa. Pafupifupi theka la kutentha kwa dzuŵa limabwera ndi cheza chosawoneka ndi maso, ndipo kuda kwa pepala si kumene kumachitchinga chezacho. Tinti yotchipa, yakuda bii, imatseka kuŵala kumene diso limafuna, koma kutentha kwambiri n'kumaloŵabe. Ilipo tinti ina yokwera mtengo imene imatchinga kutenthako galasi likuwonekerabe.

Maiko ambiri anaika muyeso pa nkhaniyi. Ku South Africa, kumene ana a m'chigwachi ambiri amapita kukagwira ntchito, galasi lakutsogolo liyenera kulola magawo 70 pa 100 a kuŵala kuti adutse, pamene magalasi enawo ayenera kulola magawo osachepera 35. Ku India, bwalo lalikulu la milandu linaletseratu kumata pepala lililonse pa magalasi a galimoto m'chaka cha 1912 chitatha zaka zana, ndiye kuti mu 2012, poona kuti achifwamba amabisala kuseri kwake. Ku Kenya nako, mu 2014, mkulu wa apolisi David Kimaiyo analamula kuti tinti ichotsedwe, ndipo lamulolo linakafika mpaka kukhoti. Muno m'Malaŵi, lamulo la pamsewu la 1997 limafuna kuti galimoto iyesedwe ndi kupatsidwa chiphaso cha COF, chotsimikiza kuti ili bwino kuyenda pamsewu; woyendetsa amene sakuwona bwino njira sanganene kuti galimoto yake ili bwino.

Vuto lenileni limadza dzuŵa likaloŵa. Msewu wa M1 kuchigwaku ndi wa aliyense: akabaza opanda nyale, ngolo zochokera kumunda, amayi osenza mitolo ya nkhuni, ndi ng'ombe zobwerera kukhola mochedwa. Woyendetsa wokhota pa mphambano amadalira galasi lam'mbali kuti awone njinga yobwera chakumanzere. Galasilo likakhala lakuda, njingayo amaizindikira atayigunda kale. Nayenso woyenda pansi, asanadumphe msewu, amayang'ana nkhope ya woyendetsa kuti adziŵe ngati wamuwona. Galasi lakuda limamumana chizindikiro chimenecho. Wapolisi wa pachipata cha pa Thabwa, amene amaimitsa galimoto usiku, amafunanso kudziŵa kuti m'katimo muli angati ndipo manja awo ali pati.

Pali mbali inanso yoŵaŵa. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufalikira m'maboma ena a kummwera, anthu osalakwa anaphedwa, galimoto za alendo zinagendedwa, ndipo bungwe la United Nations linachotsako antchito ake kwa kanthaŵi. Mphekeserazo zinali zabodza, ndipo ogendawo analakwa kotheratu. Komabe m'mudzi mmene mwaloŵa mantha, galimoto yosawoneka m'kati ndiyo imayamba kukayikiridwa.

Galimoto zambiri zakale zochokera ku Japan zimafika ndi magalasi akumbuyo odetsedwa kale kufakitale, koma akutsogolo ali mbee, chifukwa lamulo la kumeneko limafuna magawo 70 pa galasi lakutsogolo ndi aŵiri a m'mbali mwa woyendetsa. Ana okhala kumbuyo amapeza mthunzi, woyendetsa n'kumawona njira. Magalasi akutsogolowo amadzadetsedwa galimoto itafika kale kuno, pansi pa mtengo, ndi mnyamata wa lezala ndi botolo la madzi a sopo.