Nkhani ya Chigwa Chino Isimbidwe ndi Eni Ake: Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potseka Mpikisano wa Masewero a Ana a Sukulu m'Boma la Mambwe

 

Akulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Dzuwa la kuno ku chigwa tonse tikulidziwa, ndipo ana awa mitima ili m'mwamba kudikira kumva amene wapambana. Choncho sindikusungani nthawi yaitali.

M'masewero ambiri amene taonera lero munali nyama. Taona njovu ikugwetsa nkhokwe, taona bambo akutchera waya m'tchire chifukwa cha ndiwo, taona mayi akupita kumtsinje mtima uli phaphapha poopa ng'ona. N'chifukwa chake ndasankha kukusimbirani za mayi wina wa ku Britain amene ntchito yake inali yomweyi mwaichita leroyi, ndipo mkango ndi njovu zinasintha njira ya moyo wake. Dzina lake ndi Mayi Virginia McKenna.

Mayi McKenna anabadwira mu mzinda wa London pa 7 June 1931. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka, anawatengera ku South Africa, ndipo anaphunzira sukulu ku Cape Town. Atabwerera kwawo analowa sukulu yophunzitsa masewero yotchedwa Central School of Speech and Drama. Ana anga, mvetsani pamenepa: kuli sukulu zimene munthu amapita kukaphunzira kutulutsa mawu kuti wa kumbuyo amve popanda kukuwa, kukaphunzira kuyenda, kuima, ngakhale kukhala chete pa siteji. Atamaliza kumeneko sanayambire pa kanema ayi. Anapita kutali ku Dundee, m'dziko la Scotland, ku gulu limene linkasintha masewero pafupipafupi, moti munthu usiku akusewera sewero lina, masana akuloweza mawu a lina. Kenako anasewera masewero a Shakespeare ku Old Vic mu London.

Zipatso zake zinayamba kuoneka m'mafilimu. Mu 1953 anali mu The Cruel Sea. Mu 1956 anasewera mu A Town Like Alice, nkhani ya azimayi amene asilikali a ku Japan anawayendetsa pansi mtunda wautali ku Malaya, ndipo analandira mphotho ya BAFTA. Mu 1958, mu Carve Her Name with Pride, anasewera ngati Violette Szabo, mayi amene anatumidwa kukachita ukazitape ku France nagwidwa ndi kuphedwa ndi a Nazi. Siteji sanaitayenso: mu 1979 anasewera ndi Yul Brynner mu The King and I ku London Palladium, nalandira mphotho yaikulu ya masewero a mu mzindawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pamene dziko lonse linkawadziwa chifukwa cha mkango, anali atatha kale zaka zoposa khumi akunola luso lawo.

Nkhani ya mkangoyo inayamba chonchi. Mu 1956, kumpoto kwa Kenya, woyang'anira nyama dzina lake George Adamson anawombera mkango waukazi umene unamulumphira, kenako anapeza kuti unali ndi ana atatu. Iye ndi mkazi wake Joy analera kamodzi, nakatcha Elsa, ndipo katakula anakaphunzitsa kudzisakira nakabwezera kutchire. Joy analemba buku lotchedwa Born Free mu 1960. Mu 1964 Mayi McKenna ndi amuna awo a Bill Travers, amenenso anali katswiri wa masewero, anapita ku Kenya kukasewera mu filimu ya bukulo ngati banja la a Adamson. Anatha miyezi akuyenda ndi mikango m'mawa uliwonse kuti iwazolowere. Sinali ntchito ya masanje: mkango wina wotchedwa Boy unalumphira Mayi McKenna mosewera nuwathyola mwendo cha pa kakolo. Anachira nabwerera kukamaliza ntchito. Filimuyo inatuluka mu 1966, ndipo nyimbo zake zinapata mphotho ziwiri za Oscar.

Ambiri akamaliza kujambula amalandira malipiro n'kuiwala. Banjali linavutika mtima poona kuti mikango yambiri imene anasewera nayo inatumizidwa ku malo osungira nyama m'zitupa, ndipo itatu yokha ndiyo inatsala m'manja mwa George Adamson. Mu 1969 anajambulanso filimu ina ku Kenya ndi kamwana ka njovu kotchedwa Pole Pole, kamene boma la Kenya linakapereka ngati mphatso ku London Zoo. Mu 1982 anapita kukaiona njovuyo ili yokhayokha mu mpanda, ndipo atayitchula dzina inatambasula chitamba kuti iwakhudze. Chaka chotsatira, ntchito yoisamutsira kwina italephereka, inaphedwa isanafike n'komwe zaka makumi awiri. Inu a kuno mukudziwa kuti njovu ya m'tchire imatha kufika zaka makumi asanu ndi limodzi, ikuyenda ndi amake, azakhali ake ndi ana ake. Imfa imeneyi ndi imene inachititsa Mayi McKenna, amuna awo ndi mwana wawo Will kuyambitsa bungwe la Zoo Check mu 1984, limene pambuyo pake linasanduka Born Free Foundation. A Travers anamwalira mu 1994, koma mayiwa anapitiriza, ndipo mu 2023 dziko lawo linawapatsa ulemu wotchedwa Dame chifukwa cha ntchito yoteteza nyama.

Tsopano tibwere kuno kwathu. M'zaka zomwezo zimene Elsa ankaleredwa ku Kenya, a Norman Carr, amene akuluakulu ambiri muno munawaona ndi maso, analeranso ana a mkango awiri amasiye, Big Boy ndi Little Boy, nadzawamasula m'chigwa chino cha Luangwa. Analembanso buku, Return to the Wild, mu 1962. A Carr omwewo ndi amene mu 1950 anagwirizana ndi a Mambo Nsefu kupatula malo oti alendo azidzaona nyama, ndalama zake n'kumapita kwa anthu a m'deralo, kalekale paki ya South Luangwa isanakhazikitsidwe mu 1972. Komatu funsani mlendo aliyense wachikulire wotsika ndege pa Mfuwe: Elsa amudziwa, Big Boy ndi Little Boy ndi ochepa anamvapo. Mikango inali yofanana, ntchito inali yofanana. Kusiyana kwake n'kwakuti nkhani ya Elsa inagwera m'manja mwa anthu odziwa kusewera, ndipo anthu a ku America, ku Ulaya ndi kwina anakhala mu mdima wa nyumba za kanema nakhetsa misozi chifukwa cha nyama imene sanaionepo. Ena mwa iwo anasunga ndalama kuti adzaone mkango ndi maso awo. Umo ndi mmene sewero limayendera: limasuntha mtima, mtima n'kusuntha mapazi ndi thumba.

Koma pali mbali ina imene ndiyenera kuinena poyera, chifukwa ndikaibisa ndakunamizani. Mu filimu ya Born Free, mkango uli ndi dzina, uli ndi khalidwe, uli ndi mbiri. Anthu akuda amaoneka ngati antchito ndi othandizira, akudutsa cha m'mbali. Palibe amene anafunsa kuti mayi wa m'mudzi woyandikana ndi tchirelo ankagona bwanji usiku. Ndipo zimenezi sizinathere ku Kenya. Mu 1991 mkango wopanda manyenje unapha anthu asanu ndi mmodzi kuno ku Mfuwe, mpaka mlenje wochokera ku America anauwombera. Lero chikopa chake chinakonzedwa bwino, chili m'nyumba yosungira zakale ya Field Museum ku Chicago, ndipo ana a sukulu a kumeneko amapita kukauona. Mkangowo ndi wotchuka, mlenjeyo dzina lake linalembedwa. Anthu athu amene anafa aja dziko limangowadziwa ngati nambala. Koma anali ndi mayina, anali ndi minda, anasiya ana, ndipo abale awo mwina ali pakati pathu pompano.

Sindikunena izi ponyoza Mayi McKenna. Iwo anasimba nkhani imene anaidziwa, naisimba ndi mtima wonse, naikhalira kumbuyo kwa zaka zoposa makumi asanu. Nkhani ya munthu wogona pa chilindo kulondera chimanga, wofukiza tsabola wosakaniza ndi ndowe za njovu, womenya zitini pakati pa usiku, sakanaisimba chifukwa sanaikhalepo. Imeneyo ndi yanu.

Ndipo musaganize kuti ndi nkhani ya chisangalalo chabe. Bungwe la Born Free limatsutsa ulenje wa alendo olipira ndalama kuti aphe nyama. Mu 2023 aphungu a nyumba ya malamulo ku London anakambirana lamulo loletsa kulowetsa m'dziko lawo mitu ndi zikopa za nyama zophedwa motero. Kuno ku Lupande ulenje umenewu ulipo, ndipo gawo la ndalama zake limayenera kufika kwa anthu kudzera m'mabodi a anthu a m'midzi oyang'anira zachilengedwe, otchedwa CRB. Muno m'bwalo alipo amene amati ulenjewo upitirire chifukwa umabweretsa ntchito ndi nyama ya ndiwo. Aliponso amene amati phindu lake saliona, bola alendo a makamera. Ine sindinabwere kudzagamula mlandu umenewo. Chimene ndikunena n'chakuti anthu okhala kutsidya kwa nyanja akukambirana za tchire limene lili kuseri kwa nyumba zanu, ndipo maganizo awo ambiri anaumbidwa ndi mafilimu. Ngati mawu anu sakumveka, ena adzakuyankhulirani.

Kodi n'zotheka kuti mwana wa ku Jumbe, ku Msoro, ku Malama, kwa Mnkhanya kapena kwa Kakumbi amveke kutali? Zatheka kale. Gulu la SEKA la ku Mfuwe lakhala likusewera m'midzi ndi pamaso pa alendo, ndipo amene munaonera sewero lawo la Kusanga mukudziwa mmene munthu amasandukira nyamalikiti kapena njovu ndi thupi lake lokha ndi tizipangizo tochepa. Thandiwe Mweetwa anakulira kuno ku Mfuwe, anaphunzira za mikango, ndipo mu 2016 bungwe la National Geographic linamusankha pakati pa akatswiri achinyamata a dziko lonse. Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka, anajambula kuno ku Zambia filimu ya I Am Not a Witch imene inatuluka mu 2017, mmene muli Chinyanja chathu chomwechi. Mbali yaikulu anaipereka kwa kamtsikana kakumudzi, Maggie Mulubwa, kamene kanali kasanasewerepo mu filimu, ndipo mu 2018 filimuyo inalandira BAFTA, mphotho ya bungwe lomwe lija linalemekeza Mayi McKenna.

Choncho ndili ndi mapempho. Kwa inu ana anga: nkhani muli nayo, chimene chatsala ndi luso. Lero ena mwa inu mumayankhula mutafulatira anthu, ena mumathamangitsa mawu ngati mukuthawa njati, ena mumaseka nthabwala zanu zomwe anthu asanaseke. Zimenezi zimakonzeka ndi kuyeserera, tsiku ndi tsiku, osati sabata ya mpikisano yokha. Pitani kwa agogo anu mukamve mmene amasimbira nthano, muone pamene amatsitsa mawu ndi pamene amaima. Musasewere munthu wotchera waya ngati chilombo, kapena sikauti ngati mdani chabe. Aliyense mupatseni chifukwa chake, anthu oonera aweruze okha.

Kwa aphunzitsi: lembani masewerowa pa pepala ndi kuwasunga, ndipo pamene pali foni yojambula, ajambuleni. Sewero labwino lisafe tsiku limene laseweredwa.

Kwa makolo anzanga, makamaka inu a ana aakazi: mwana akati ndikupita kokayeserera sewero, musafulumire kunena kuti wayamba kulowerera. Pitani mukaone, mudziwe aphunzitsi amene ali naye, mumuthandize kugawa nthawi ya mabuku ndi ya siteji. Mtsikana amene waphunzira kuima pamaso pa khamu n'kuyankhula mosanjenjemera sadzaopa kuyankhula pa msonkhano wa mudzi, ku khoti kapena ku nyumba ya malamulo.

Kwa eni malo ogona alendo ndi mabungwe ogwira ntchito za nyama m'chigwa muno: alendo anu akabwerako koona akambuku, apatseniko mpata woona ana awa, ndipo muwalipire monga mmene mumalipirira ntchito ina iliyonse. Musawauze zoti anene. Asiyeni asimbe zokoma ndi zowawa zomwe.

Kwa a Mambo athu ndi nduna zawo: mbiri ya Akunda, nyimbo zawo ndi magule a pa Malaila zili m'mitu ya akuluakulu amene akutha mmodzimmodzi. Tsegulirani ana awa khomo kuti akafunse ndi kuphunzira.

Amene mupambane lero, landirani mphotho modzichepetsa. Amene simupambana, funsani oweruza pamene munaphonya, mukakonze, chaka chamawa tidzakuoneni.

Ndi mawu amenewa, Wapampando, ndikulengeza kuti mpikisano wa masewero wa chaka chino watsekedwa, ndipo ndikupempha oweruza abwere kutsogolo atiuze zimene apeza.