Maondo a Oimba ndi Oomba Ng'oma

Ambiri a ife tapatsidwa nchito yophunzitsa kwaya pamwamba pa nchito ya m'kalasi. Timasamala mau a ana ndi mpweya wao, koma za miyendo imene aimirira nayo sitikamba kawiri-kawiri. Ndizo ndifuna kuti tiganizire lero.

Kuyambira m'caka ca 1963, pamene Msonkhano Waciwiri wa ku Vatican unabvomereza nyimbo za makolo m'mapemphero, ng'oma zinalowa m'machalichi a Katolika, ndipo mipingo yina nayonso inazilandira. Pitani ku Matero, ku Cawama kapena ku Kanyama pa tsiku la Sabata, mudzaona oimba ali ciriri maora awiri kapena atatu pa simenti. Inu a kumidzi muli ndi mwai pang'ono, pakuti pansi pozira ndi dothi mpofewa kupambana simenti.

Colakwa cacikuru ndico kuumitsa maondo. Mwana akauzidwa kuti aime njo ngati msilikari, akankhira maondo ace m'mbuyo kufikira atauma gwa. Pamenepo minofu ileka kugwira nchito, ndipo thupi litsamira pa mapfupa ndi mitsempha ya bondo. Ndiponso minofu ya katumba, imene ithandiza kukankha mwazi kubwerera ku mtima, ikhala cete. Mwazi uunjikana m'miyendo, mutu ucita cizwezwe, mwana nkugwa pakati pa nyimbo. Anthu afulumira kunena kuti ndi njala kapena mizimu, koma kawiri-kawiri cifukwa cace ndi kaimidwe. Muwaphunzitse kutangadza mapazi pang'ono, molingana ndi ciuno, maondo ali ofewa, ndi kusuntha zidendene pakati pa nyimbo. Kugwedezeka kwa kwaya zathu, kumene ena akale anakuyesa cipongwe m'nyumba ya Mulungu, ine ndikuyesa mankhwala.

Woomba ng'oma ali ndi bvuto lina. Iye apanira ng'oma yaitali, monga mpanje, pakati pa miyendo, maondo opindika ndi olozetsana m'kati. Bondo likapindika kwambiri, kapfupa ka patsogolo pace kapanikizidwa ndi mphamvu yopambana kulemera kwa thupi lonse kangapo. Cingwe comangira ng'oma m'ciuno cipeputsa nchito ya maondo, ndipo nkwabwino kukhala ndi anyamata awiri olandizana.

Samalani makamaka ana a zaka 10 kufikira 15. Ena a iwo atupa kamfundo kowawa kunsi kwa bondo, nthenda imene madotolo awiri, Robert Osgood ndi Carl Schlatter, anaifotokoza m'caka ca 1903. Imadza pa nthawi ya kukula msanga, ndipo imatha yokha mapfupa akakhwima. Mwana wotere si waulesi ai. Mloleni akhale pa benci poimba, ndipo musamgwaditse pa simenti ngati cilango.

Koma bondo likatupa ndi kutentha, mwana nkumva malungo kapena kulephera kuponda pansi, imeneyo si nkhani ya kaimidwe. Uzani makolo ace kuti asamteme mphini, koma apite naye ku cipatala tsiku lomwelo, pakuti mafinya m'kati mwa bondo atha kuliononga m'masiku owerengeka. A muno mu Lusaka ali nazo zipatala ku Matero, Kanyama ndi Cawama. Inu a kutali mukonzeretu njinga.