Dziwe Limene Ntchito Yake Ndi Kukhala Louma



Tonsefe tikuudziwa munda umene uli kumunsi kwa kalavati. Akamakonza msewu amasonkhanitsa madzi onse a kumtunda m'ngalande n'kuwatulutsira pamalo amodzi, m'munda mwa munthu. Chaka choyamba nthaka imangong'ambika pang'ono. Pofika chaka chachitatu ndi chigwembe choti ng'ombe itagweramo simungaione. Mwini munda palibe amene anamufunsa.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mvula ya mamilimita 50 ikagwa pa hekitala imodzi, madziwo ndi malita 500,000, kapena kuti migolo 2,500 ya malita 200. Pa nthaka yophimbidwa bwino ambiri amalowa pansi, koma pamsewu, pamalata ndi paphiri lometedwa mpala amathamanga nthawi imodzi. Sitikunena kuti dziwe lokumba ndi makasu likadaimitsa namondwe wa Freddy amene anagumula phiri la Soche mu Malichi 2023, ayi. Tikunena za mvula ya chaka ndi chaka, imene imatidyera minda mwakachetechete.

Chimene tikupempha ndi dziwe louma. Limakumbidwa pamene madzi akutulukira, asanafike m'munda. Mvula ikagwa limadzaza, kenaka madzi amatuluka pang'onopang'ono kudzera pa paipi yaing'ono ya pansi penipeni, ndipo pakatha tsiku limodzi kapena awiri lauma, likudikira mvula ina. Madzi omwe akadadutsa mwaukali pa ola limodzi amadutsa mofatsa tsiku lonse. Udzudzu nawo suswana, chifukwa umafuna madzi okhalitsa pafupifupi sabata.

Pokumba, m'mbali musakhale chiriri ngati dzenje la chimbudzi. Pakhale potsetsereka, mamita atatu m'litali pa mita imodzi yakuya, kuti mwana kapena mbuzi ikalowamo ituluke yokha. Dothi la chipupa lisinjidwe pang'onopang'ono liri lonyowa, ndipo tidzalepo udzu, osati mitengo, poti mizu ya mitengo imaboola chipupa. Polowera madzi tiyale miyala ndi kukumba kadzenje kogwira mchenga. Chachikulu, pambali pakhale njira yotayira madzi yoyalidwa miyala, yotsikirapo kuposa msonga ya chipupa. Madzi akasefukira pamwamba pa chipupa chadothi amachigumula, ndipo a kumunsi amalira kuposa kale.

Apa tidzidzudzule tokha alimife. Tikaona madzi akutuluka mtima umatipweteka, timaganiza za dimba, ndiye timatseka paipi ija ndi chisaka. Mvula yotsatira imapeza dziwe lodzaza kale, ilibe pokhala. Dziwe la mthirira ndi lofunika, koma ndi lina, tilipemphe palokha. Enanso timaunda mizere momwemo poona chonde cha matope. Chonde chimenecho ndi chathu ndithu: tichichotse ndi wilibala m'chilimwe, tikachithire m'munda.

Tidagwirapo ntchito yaulangizi, ndipo tidaona bungwe lina likukumbitsa dziwe lotere. Anthu adalandira kangachepe, chikwangwani chidaimikidwa, alendo adajambula zithunzi n'kupita. Patatha nyengo ziwiri za mvula lidadzaza mchenga mpaka pakamwa. Palibe adauzidwa kuti ndi lake, palibe adasiyiridwa ngakhale fosholo.

N'chifukwa chake tikupita ku khonsolo ndi mfundo izi. Kalavati iliyonse yotulutsira madzi m'minda ikhale ndi dziwe lake, ndipo ndalama yake ikhale m'bajeti ya msewu womwewo. Mwini malo okumbidwawo akambirane nawo pamaso pa mfumu, osati kungodzuka n'kupeza zikhomo. Ndipo pasanakumbidwe palembedwe dzina la komiti yochotsa mchenga mu Seputembala ndi Okutobala, yoyenderanso paipi mvula yamphamvu iliyonse ikatha, pamodzi ndi zipangizo zake.

Kalabu iliyonse iwerenge makalavati a m'dera lake ndi minda imene yang'ambika. Alembi abwere ndi mndandandawo pamsonkhano wa mwezi wamawa, tikaupereke tonse pamodzi.